Kachitsulo ka pa Geti: Polira Bambo Tarsizio Kadzakumanja

BUNGWE LA TIYENDELIMODZI
Amalawi okhala ku Blanchardstown, ku Lucan ndi madera oyandikana nawo
Novembala 2018

Kwa Mayi Felista Kadzakumanja, ana awo Ursula ndi Christopher, abale onse a kwa Ganya ku Ntcheu, ndi Amalawi onse okhala muno mu Dublin.

M'mawa wa Lachinayi la sabata yatha, Bambo Tarsizio Kadzakumanja anatuluka m'nyumba mwawo ku Lucan atatsimikiza mtima kuchita chinthu chimene iwo eni ankadziwa kuti n'cholakwa: kunamiza makina a kuntchito kwawo, n'cholinga choti mnzawo wamng'ono achokepo mobisa akafune nyumba. M'thumba la jekete lawo munali kachitsulo kotalika ngati chala, kosula okha, ndipo dzuwa lisanalowe jekete lija linabwerera kunyumba lili m'manja mwa apolisi. Ife a Bungwe la Tiyendelimodzi tili kakasi, mitima yathu ili yosweka, pamene tikulengeza kuti Bambo Kadzakumanja, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lino, mmisiri wa zitsulo ndiponso nkhoswe ya mabanja ambiri kuno kuchilendo, anatisiya tsiku limenelo pa ngozi imene inachitika m'fakitale ina ku Blanchardstown.

Si mwambo wathu kutchula cholakwa cha munthu thupi lake lisanagone m'nthaka, ndipo tikudziwa kuti alipo amene awerenge chiyambi cha uthenga uno akupukusa mitu. Koma mphekesera zimene zikuyenda m'magulu a pafoni zafika poipa, moti ena akuti malemuwa analodzedwa, ena akuti anali ataledzera, ndipo ena afika poloza chala Bambo Prosper Likongwe, amene ankagwira nawo ntchito pa makina amodzi, kuti ankafuna udindo wawo. Titapita kukakhala nawo pasiwa, Mayi Felista anatiitanira kukhichini nati: "A Wapampando, mukalembe zonse mmene zinachitikira. Mwamuna wanga sanali munthu wa zinsinsi. Wabisa kamodzi kokha, ndipo mwaona kumene kwamufikitsa. Musamuonjezere bodza lina pamwamba pa bokosi." Choncho zimene zili m'munsimu tazimva kwa iwo, kwa Bambo Likongwe ndi akazi awo a Vivian, ndipo n'zomwezo zimene anthu amenewa afotokozera akuluakulu a boma oona za chitetezo cha pantchito.

Tisanafike kumeneko, n'koyenera kuti tinene za munthu amene tamutaya, pakuti tsiku limodzi silingafufute moyo wonse. Bambo Kadzakumanja anaphunzira ntchito ya malata ali mnyamata pamsika wa Ndirande, kumene ankakhoma ndowa, mbaula ndi zidebe, ndipo kenaka anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya zitsulo ku Makata. Anafika ku Ireland potsatira akazi awo, amene anali atapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo pasanapite nthawi yaitali chuma cha dziko lino chinagwa, mafakitale n'kutsekedwa. Mmisiri uja anatsuka mbale m'mahotela ndi kukolopa m'maofesi popanda kung'ung'udza, mpaka pamene ntchito zomanga zinayambiranso ndipo anaitanidwa kukapinda zitsulo. Ndi iwo amene ankakaimirira pa Parnell Street kudikira alendo athu ongofika kumene, kuwaonetsa kokwerera basi ndi kogula ufa pa Moore Street. Ndi iwo amene anasula mbaula zimene timaotchera nyama pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu chaka ndi chaka. Ndi iwo amene ankagwira mawu aakulu m'kwaya ya ku parishi. Koposa zonsezi, pozindikira kuti kuno kulibe amalume kapena azakhali, anavomera kusenza unkhoswe wa mabanja achinyamata, ndipo unkhoswe wawo sunali wa tsiku la ukwati lokha ayi. Banja likatentha, ankakwera basi n'kukakhala pakati pa awiriwo mpaka moto utazima.

Fakitale imene ankagwirako imapanga mabokosi achitsulo ndi mipope yodutsa mpweya, zoika m'mahotela ndi m'maofesi atsopano amene akumera ngati bowa mumzinda muno. Malemuwa ankakonda kunena moseka kuti manja awo ali m'nyumba zonse zazitali za mu Dublin, koma palibe imodzi imene Mmalawi angagonemo. Zaka zingapo zapitazo eni fakitale anabweretsa makina atsopano olankhulana okhaokha. Ena amadula malata osalala ndi kuwala kotentha, ena amawapinda, ndipo pakati pawo pali mkono waukulu wachitsulo umene umanyamula lata kuchoka pamulu n'kulipereka kopindira. Zonsezi zili mkati mwa mpanda wa waya wokhala ndi geti limodzi. Wantchito aliyense ali ndi khadi loonetsa kuti ali pantchito, ndipo makinawo amatumiza mauthenga pafoni za antchito ndi pa sikirini ya kapitawo, amene amakhala muofesi m'mwamba.

Lamulo la pamalopo ndi losavuta, ndipo tikulifotokoza chifukwa popanda ilo ngoziyi simveka. Nthawi zina malata awiri amamatana chifukwa cha mafuta, ndipo mkono uja umaima wokha, nyali yachikasu n'kuyaka. Wantchito akhoza kudina batani pafoni kuti mkonowo uyesenso, ndipo kawirikawiri malatawo amalekana. Koma akapanda kudina msanga, nyaliyo imasanduka yofiira ndipo kapitawo amatsika. Zikavuta moti munthu ayenera kulowa mumpanda, kutsegula geti kumazimitsa chilichonse, kapitawo amaitanidwa kuti adzaone ndi maso ake, ndipo wina amaima panja pamene mnzake ali mkati. Azungu analemba lamuloli m'mabuku awo, koma makolo athu analinena kalekale: ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Bambo Kadzakumanja sankadana nawo makina amenewa. Ankawatama kuti amapinda mowongoka kuposa diso la munthu, ndipo msana wawo unali utapumula kunyamula. Chimene chinkawavuta ndi foni. Zala zawo zinali zokhuthala, moti ankati akadina apa kumatseguka apo, ndipo Bambo Likongwe ankawaseka tsiku ndi tsiku.

"Madala, zala zanuzo n'za hamala. Bweretsani ndikudinireni."

"Dina, mwana wa sukulu," ankayankha motero. "Koma tsiku limene magetsi adzazime, udzabwera kwa ine kudzaphunzira kukhoma ndowa."

Motero chinakhala chizolowezi kuti nyali yachikasu ikayaka, wodina anali wamng'onoyo.

Malemuwa analinso nkhoswe ya banja la a Likongwe. Banjali limakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba yogawana ndi anthu ena pakati pa mzinda, lili ndi mwana wamkazi wamng'ono, ndipo Mayi Vivian ndi oyembekezera. Lamulungu lomaliza ngoziyo isanachitike, atatuluka ku Misa, awiriwa anafika kunyumba kwa ankhoswe awo, ndipo mayiwo sanadikire kuti tiyi azizire.

"Ankhoswe, ine sindinabwere ndi nkhani ya mowa kapena ya akazi. Mwamuna uyu ndi wabwino. Koma ndikuphikira pambali pa bedi, mwana akuseweretsa nsapato chifukwa alibe poponda, ndipo landilodi akugulitsa nyumba, akuti pofika Khirisimasi tikhale titachoka. Mukundiona mmene ndililimu. Winayu ndikachirire m'sitima ya Luas?"

"Vivian, pang'onopang'ono," anatero amuna awo.

"Pang'onopang'ono n'kumene kwatifikitsa pano! Lachinayi masana kuli koonetsa nyumba kuno ku Lucan, ndipo ejenti wa mwini nyumbayo wanenetsa kuti akufuna aone tonse awiri. Akapanda kubwera bambo awa, ine ndikutenga mwana ndikupita kwa achemwali anga ku Limerick. Adzatipeza akadzapeza denga."

Bambo Likongwe anafotokoza kuti anali atapempha kale kangapo chilolezo chokaona nyumba zina zimene sanazipeze, ndipo kapitawo anali atawauza kuti mwezi uno, ntchito itachuluka chonchi, asapemphenso. Bambo Kadzakumanja anayang'ana m'kapu. Iwo ankadziwa zimene ambiri a ife taona ndi maso, kuti kuno mkazi akapita kwa mbale wake kukadikira nyumba, miyezi imasanduka zaka, ndipo banja limatha popanda amene walithetsa. Pa ukwati wa awiriwa anali ataimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti chovuta chikadza adzachisenza ndi iwo. Tsono anati: "Mayi, musalongedze kanthu. Lachinayi mwamuna wanuyu adzaima nanu pamzere. Zinazo n'za ine."

Lachitatu ataweruka, Mayi Felista anawapeza m'kashedi ka kuseri kwa nyumba akupala kachidutswa ka chitsulo.

"Bambo a Ursula, nanga chimenecho?"

"Ndi kiyi wa nyumba ya Prosper."

"Nyumba sanaipeze, inu kiyi muli naye kale? Mwayamba liti zaulosi?"

Bambowo anaseka, n'kukaika m'thumba. Kanali kofanana ndendende ndi kalilime ka pa geti la mpanda uja, kamene kakalowa m'malo mwake makina amadziwa kuti geti latsekedwa. Maganizo awo anali akuti malata akamatana molimba iwo ali okha, adzatsegula geti n'kulowetsa kachitsuloko msangamsanga, makina adzakhulupirira kuti palibe chatseguka, kapitawo sadzatsika, ndipo palibe adzadziwe kuti pamalopo pali munthu mmodzi m'malo mwa awiri.

Lachinayi chakumasana Bambo Likongwe anawasiyira khadi lawo kuti lizioneka ngati ali pantchito.

"Madala, nanga akatigwira?"

"Akatigwira wagwidwa ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Iwe thamanga, ukavale tayi, ukamwetulire. Ukawauze kuti susuta, ulibe galu, ndipo mwana wako chibadwire sanalirepo."

"Nanga malata akamatana?"

"Ndinayamba kulekanitsa malata iwe usanamere mano. Pita."

Za kachitsulo kaja sanamuuze. Mayi Felista akukhulupirira kuti anabisa dala, kuti nkhaniyo ikadzaululika mlandu udzakhale wa iwo okha, mnyamatayo adzathe kulumbira moona kuti sankadziwa. Tamvani bwino, abale: chinsinsi chimenechi chinali chachikondi, ndipo n'chimene chinawapha.

Ku Lucan mzere wa ofuna nyumba unali utafika pokhota msewu, mvula ikuwaza. Panali anamwino, ophunzira, Azungu eni dziko ndi alendo ngati ife, aliyense atakumbatira mapepala ake pachifuwa, onse kufuna kanyumba kamodzi ka zipinda ziwiri. A Likongwe anali atayandikira pakhomo pamene foni inanjenjemera m'thumba. Nyali yachikasu inali itayaka. Anadikira kuti madala adine, koma sipanasinthe kanthu. Anaimba, osayankhidwa; anaimbanso, chimodzimodzi. Foni ya malemuwa inali m'jekete, ndipo jeketelo linali pamsomali kunja kwa mpanda.

"N'chiyani?" anafunsa a Vivian.

"Madala asokonezekanso ndi mabatani. Ikafiira, kapitawo atsika, ndiye kuti tonse tapsa."

"Ndiye dinani, ejenti akutiyang'ana."

Bambo Likongwe akunenetsa, ndipo ife tikuwakhulupirira, kuti asanadine anayang'ana kaye za geti. Foni inawauza kuti geti ndi lotseka ndipo mumpanda mulibe munthu. Inawauza zimene inauzidwa.

Nthawi imeneyo n'kuti Bambo Kadzakumanja ali mkati, atawerama pamulu wa malata, akulowetsa chotsegulira pakati pa awiri omatana. Ife amene tinawadziwa tikhoza kulingalira mmene mtima wawo unalili m'malo. Moyo wawo wonse, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Makata, makina akakhala chete ankakhala chete mpaka munthu atawayandikira, ndipo dzanja loyatsa linkaoneka ndi maso. Ayenera kuti anayang'ana uku ndi uku, naona kuti pafupi palibe aliyense, nati ndili bwino. Sanaganize kuti dzanja lija linali ku Lucan, pansi pa ambulera, ndipo linali dzanja la munthu wowakonda. Mkono wachitsulo unadzuka, unatembenuka, n'kuwapanikiza ku makina opindira. Anzawo a mbali ina anathamanga n'kuzimitsa zonse, ambulansi inafika msanga, madokotala a pachipatala cha pafupi anayesetsa, koma Bambo Kadzakumanja sanatsegulenso maso.

Pafoni ya a Likongwe nyali inasanduka yobiriwira kanthawi kochepa, ndipo iwo analowa m'nyumba muja akumwetulira monga anawalangizira ankhoswe awo.

Tamva ena akuti chifundo chinapha nkhwali, ngati kuti phunziro la imfayi n'lakuti tileke kuthandizana. Ife tikukana kwamtuwagalu. Chifundo cha Bambo Kadzakumanja n'chimene chinalimbitsa mabanja amene lero ali chilili, ndipo tsiku limene tidzaleke kusenzerana mitolo kuno kuchilendo tidzakhala titafa tikuyenda. Chimene chinapha si chifundo koma bodza limene chifundocho chinabwereka. Pamisonkhano ya bungwe lino takhala tikuchenjeza mobwerezabwereza za khalidwe lobwerekana makhadi a kuntchito, lolemberana maina, lobisirana kwa mabwana, ndipo ena mwa inu munkati a Wapampando ndi ouma mtima, sadziwa mavuto a anthu. Mavutowo tikuwadziwa, pakuti nafenso timakhala m'nyumba za eni ake. Koma munthu ukamunamiza amakuyang'ana kumaso, amakayika, mwina amakumvera chisoni n'kutembenukira kumbali. Makina alibe kukayika. Ukawauza kuti geti latsekedwa amauza kapitawo kuti latsekedwa, amauza mnzako kuti latsekedwa, ndipo bodza lako limayenda pa waya mofulumira kuposa mmene iwe ungafuulire kuti ndili muno. Inu nonse amene mumagwira m'mafakitale, m'mosungira katundu ndi m'zipatala, ngati muli ndi kachitsulo kanu, kaya n'kamtundu wanji, katayeni lero. Ukapempha chilolezo n'kukanizidwa, bwera ku bungwe tidzakuperekeze. Ukachotsedwa ntchito tidzalira nawe uli moyo.

Sitikunena izi pofuna kupeputsa mafunso amene eni fakitale ayenera kuyankha, ndipo bungwe lino lidzakhala pambali pa banjali mpaka atayankhidwa. Tikufuna kudziwa chifukwa chimene makina oopsa chotere angathe kudzutsidwa ndi munthu amene sakuwaona, ali kutsidya lina la mzinda. Tikufuna kudziwa chifukwa chimene geti loteteza moyo lingagonje kwa kachitsulo kopalidwa m'kashedi. Tikufunanso kuti amene amayang'ana nyali zofiira pa sikirini adzifunse ngati sanaphunzitse antchito awo kuopa nyali kuposa kuopa imfa. Nzeru zimene zinatha kulumikiza makina onse m'fakitale sizingalephere kuona kuti bambo amene banja lake likutulutsidwa m'nyumba afunika masana amodzi. Ndipo mzinda umene ukumanga mahotela usana ndi usiku, pamene opinda zitsulo zake akuima pamvula kulimbirana zipinda ziwiri, usasambe m'manja ngati kuti imfayi siikuukhudza. Koma zofufuza tizisiye m'manja mwa amene ali ndi udindowo, ndipo pasapezeke membala wa bungwe lino wopita kukachita phokoso pa geti la fakitale.

Kwa inu amene mwakhala mukutumizirana zithunzi za Bambo Likongwe ndi mawu achipongwe, mawu athu ndi ochepa: lekani. Munthuyu analakwa pochoka pantchito mobisa, ndipo sanadikire kufunsidwa. Anapita yekha kupolisi tsiku lomwelo, tayi idakali m'khosi. Chiyambire sakudya, ndipo foni yake anaipereka kwa ofufuza osafuna kuionanso. Loweruka tinapita naye kwa Mayi Felista monga mwa mwambo, iye ndi akazi ake, ndipo anagwada pakhomo. Mayi Felista anamuyang'ana, kenaka analankhula kwa ife, osati kwa iye.

"A Wapampando, musakalembe kuti ndamukhululukira. Sindinafike pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzafike. Ndikamuona ndikuona chala chimene chinadina. Koma mwamuna wanga anafera banja la awiriwa, tsono likatha ndiye kuti wafera chabe. Ku Misa abwere. Akhale kumbuyo, ndisamuone, koma abwere. Ndipo iwe Vivian, za ku Limerick uiwale. Chipinda cha Ursula chilipo, iye agona ndi ine mpaka uchire."

"Amayi, ine sindingathe kulowa m'nyumba muno," anatero a Vivian akulira. "Ndine ndinati adine."

"Ndiye ulowa ukulira. Ukuganiza kuti ine ndikulowa bwanji?"

Mawu amenewa ndi lamulo kwa ife tonse. Aliyense amene adzatchinge njira ya a Likongwe pakhomo la tchalitchi adzakhala akunyoza mayi wamasiye, ndipo bungwe lidzamuitana. Tikudziwa kuti dongosolo limeneli ndi lolemera kwa onse okhudzidwa, ndipo sitikunamizira kuti likhala lophweka. Bambo Likongwe akhala akugona kwa mmodzi wa mamembala athu ku Blanchardstown, ndipo akuluakulu a bungwe asankha Bambo Cornelio Zimpita kuti atenge unkhoswe umene wasiyidwa.

Misa yotsanzikana ndi malemuwa idzachitika Loweruka likudzali m'mawa ku parishi yawo, ndipo thupi lidzanyamuka ulendo wa kumudzi achipatala akamaliza zofunika. Amayi a bungwe apitiriza kusinthana pokhala ndi anamfedwa, ndipo tikupempha abambo kuti asamangofika pakhomo n'kubwerera, koma azilowa n'kucheza ndi Christopher, amene chimwalirire bambo ake sanatulukemo m'kashedi muja kupatula pokagona. Mukamulankhula m'Chichewa n'kukuyankhani m'Chingerezi musamudzudzule; akumva zonse.

Mayi Felista, m'malo mwa komiti ndi mamembala onse a Bungwe la Tiyendelimodzi, tikuti pepani, pepani kwambiri. Tilibe mawu oti angadzaze mpando umene watsala wopanda munthu patebulo panu, ndipo sitiyesa kuwafuna. Inu Ursula ndi Christopher, bambo anu anali munthu wolungama amene anapunthwa kamodzi akuthamangira kukadzutsa mnzake; musachite nawo manyazi, komanso musadzatsanzire kupunthwako. Kwa abale a kwa Ganya, amene munatipatsa munthu wamoyo ndipo tikukubwezerani bokosi, tikugwada pamaso panu ndi manja awiri. Chauta, amene amaona mkati mwa mpanda uliwonse, akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, ndipo alandire mtumiki wake ndi chifundo choposa chiweruzo chathu.

Titseke ndi zimene zatsala m'manja mwathu, kuti aliyense adziwerengere yekha. M'mawa wa Lachisanu ejenti anatumiza uthenga kwa Mayi Vivian wonena kuti nyumba ija yaperekedwa kwa iwo, bola amuna awo atsimikize kuti adakali pantchito. Pofika nthawi imeneyo n'kuti Bambo Likongwe ataimitsidwa, ndipo nyumbayo inapita kwa amene anali pambuyo pawo pamzere. Banja la a Likongwe lilibe nyumba ndipo lilibe ntchito. Mayi Felista alibe mwamuna, Ursula ndi Christopher alibe bambo, ndipo Bambo Tarsizio Kadzakumanja akubwerera ku Ntcheu m'bokosi.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Gerard Mtambalika
Wapampando, Bungwe la Tiyendelimodzi